Yambani ndi dzina

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera pampopi. Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinkangokhala pakhomo, ndiye mayi Makwinja, omwe ankayendetsa kasukulu ka ana ovutika kuseri kwa msika wa Chonde, anandifunsa ngati ndingapirire fumbi. Ndinaseka, poyesa kuti ndi nthabwala.

Kasukuluko kanali shedi ya malata akutha pakati pa nyumba zalendi zothinana. Anawo anali a anthu aganyu ndi othyola tiyi, opanda yunifolomu, opanda kope. Bolodi inali chitseko chakale chopaka makala. Tinkalembera pansi. M'mawa tinkasesa bwalo n'kuwaza timadzi, mwana aliyense n'kusalaza malo ake ndi chikhatho. Iwo ankalemba ndi chala, ine ndinkachonga ndi kamtengo.

Ndinkafuna kuyamba ndi a, e, i, o, u monga anatiphunzitsira ife. Mayi Makwinja anakana. "Yambani ndi dzina la mwana, madamu. Ana athuwa sakhalitsa." Ndinamvera, koma monyinyirika.

Panali mtsikana wina, Sitela, wamkulu kuposa anzake onse, wapakamwa pakuthwa. S wake ankayang'ana kumbuyo nthawi zonse. Ndinkamuseka kuti njoka yake ikuthawira ku Mozambiki, iye n'kumati, "Ibwerera, madamu, ikudikira minibasi."

Mayi ake atamwalira, Sitela anapitirizabe kubwera, ine n'kuyesa kuti zapita bwino. Koma tsiku lina chakumasana anatulukira azakhali ake, atanyamula jumbo ya zovala.

"Tamupezera pokhala ku Limbe, akalera mwana," anatero.

Ndinawachonderera kuti amalize kaye teremu.

"Mumudyetsa ndinu, madamu? Kwanga ana adzadza kale."

Nanenso ndinkadya kwa makolo.

Sitela sanalire. Anagwada, anasalaza fumbi, n'kulemba dzina lake pang'onopang'ono. "Chongani, madamu." S uja anali atayang'ana koyenera. Ndinachonga, ndipo wolira ndinali ine, pamaso pa ana onse. Atapita ndinazunguliza dzinalo ndi miyala, koma pofika madzulo mbuzi zinali zitapondaponda.

Sindinamvenso za iye, ndipo zimandiwawa mpaka lero. Tsopano ndimaphunzitsa pasukulu ya makope ndi madesiki, koma mwana watsopano akabwera sindidikira. Tsiku lomwelo ayambe kulemba dzina lake, kuti akamutenga mawa achoke nalo.