Msampha wa Chilumo

Wometa uja wa kuseri kwa siteji ya basi, amene anzake a kukalabu ya chesi amamutcha Chilumo, ali ndi nthenda ziwiri: chesi ndi pakamwa. Mwini wake amavomera kuti ya pakamwayo ndiye ilibe mankhwala.

Chiyambireni kusewera, ankatsegula masewera mwanjira imodzi basi. Ankapereka kamsilikali kaulere, mdani n'kudya mokondwa, kenaka hatchi n'kulumphira pakhomo pa mfumu. Koma aliyense wokhala pampando wake, nsalu ili m'khosi, ankafotokozeredwa msampha wonsewo, ndi pothawira pake pomwe. Munthu angapite kuti mutu atametedwa mbali imodzi?

Pa mpikisano wosankha timu ya kalabu panatsala malo amodzi. Chilumo ankawafuna ndi mtima wonse, poti imvi zinali zitayamba asanavalepo malaya a timu. Atakhala pansi muholo ya sukulu, anapeza kuti wolimbana naye ndi dalaivala wa lole, kasitomala wake wa mwezi ndi mwezi.

"Bamboyu ndinamuululira zonse ndekha, chitsiru ine," anatero Chilumo chamumtima. Wotchi ikuyenda, dzanja linayandama pamwamba pa kamsilikali ka masiku onse, n'kubwerera. Anasuntha kam'mphepete, njira imene anangoionerapo kwa ena, ndipo inamuluma ngati nsapato yobwereka. Bishopu anatsekeredwa ndi anzake omwe, mfumukazi inangoyendayenda yosadziwa kolowera, ndipo mfumu yake inagwa osewera ena asanavule n'komwe majekete.

Atagwirana chanza, dalaivala anafunsa, "Koma achimwene, msampha wanu uja anthu amauopa mwausiyiranji? Ine ndinabwera nditataya kale mtima."

"Nanga si ndinakuuzani pothawira pake?"

"Liti?"

"Pokumetani paja. Ulendo uliwonse."

Dalaivala anakanda m'mutu mwamanyazi. "Pepani achimwene. Ine makina akangoyamba kulira kukhutu kuno, basi tulo. Ndimangoti 'eee' kuti musakhumudwe."

Malaya a timu anapita ndi dalaivala. Kugonja Chilumo anakuzolowera kale, koma izi zinamuwawa mpaka m'mafupa: anathawa msampha wake womwe poopa munthu amene sanamvepo ngakhale liwu limodzi. Akulongedza zidutswa m'thumba, anafunsa motsitsa mawu ngati makasitomala enawo amamvetsera.

Dalaivala anayang'ana pansi, n'kuyamba kumuthandiza kutolera asilikali.