Phazi la amayi ndi thobwa la odzazonda

Chizindikiro choyamba chinali ludzu. Inali nthawi yokumba kachewere kwathu ku Tsangano, ndipo amayi ankapita kumunda ndi chigubu cha madzi n'kuchimaliza dzuwa lisanafike paliwombo. Ankapita kukataya madzi pafupipafupi, masiketi awo n'kuyamba kukhwepa. Tonse tinangoti atopa ndi ntchito.

Atayamba kugona masana, anthu anayamba kudzawazonda. Kwathu munthu sapita kwa wodwala chimanjamanja. Amayi a kumpingo ankabwera ndi thobwa lothira shuga wambiri, ena ndi zakumwa za m'mabotolo, kuti wodwala apeze mphamvu. Amayi ankamwa mlendo akuona, poti kusiya n'kunyoza amene wakuganizira.

Mu Julayi kunazizira kwambiri. M'mawa wina akuotha mbaula, khala linagwera paphazi lawo lakumanzere. Ine ndi amene ndinamva fungo. Iwo ankangosenda kachewere, osamva kanthu. Balalo silinapole. Linatupa, kenako linayamba kununkha, ndipo kuchipatala chapafupi anatitumiza kuboma. Abambo anabwerera kukasamala munda ndi azing'ono anga. Ine ndinatsala ngati gadiyani, poti sukulu tinali titatsekera.

Atawayeza magazi anapeza kuti ndi matenda a shuga. Adokotala anayang'ana bala nati: "Tiyesetsa. Koma shuga akapanda kutsika, bala ili silipola, ndipo phazi tidzadula." Munda wathu uli paphiri, ndipo ndinadziwa zimene amayi ankaganiza.

Masiku a m'wodi ankafanana. M'mawa antchito ankakolopa, ife magadiyani tikudikira panja. Kenako jakisoni wa insulini, kutsuka bala, madokotala kuyendera odwala, kudikiranso. Potsuka bala ine ndinkatseka maso, koma amayi ankayang'ana phazilo ngati la munthu wina.

Tsiku lina ndinalimba mtima n'kufunsa adokotala chifukwa chake amayi sanamve moto. Atadziwa kuti ndili Fomu 3 ndipo ndimaphunzira bayoloje, anandifotokozera modekha. Anati maselo akamaphwanya shuga kuti apeze mphamvu, pamatsala kapoizoni pang'ono. M'maselomo muli ma enzaimu awiri, tinthu tosaoneka ndi maso, otchedwa gilayokisalezi, amene amagwira ntchito mopatsirana. Woyamba ali ndi mbali ziwiri zofanana, iliyonse ndi kachidutswa ka zinki, ndipo amagwira poizoniyo n'kumusintha. Wachiwiri amamalizitsa, chotsalacho n'kukhala chosavulaza. Shuga akakhala wokwera nthawi yaitali, poizoni amawachulukira. Wotsalayo amamatirira ku mapuloteni, n'kuthandizira kuwononga mitsempha yomvera kupweteka ndi timitsempha ta magazi tofunika kuti bala lipole.

Ndinabwerera pabedi ndikuganizira tinthu tiwiri tosaonekato, tikugwira ntchito m'thupi la amayi osapuma, ife tikungotiunjikira katundu.

Loweruka kunabwera amayi a kumpingo, motsogozedwa ndi a Nachisale, amene amaimba kwaya ndi amayi. Atapemphera, a Nachisale anatsegula chigubu cha thobwa n'kudzaza kapu. Amayi anatambasula manja onse awiri monga mwa masiku onse. Ndinagwada n'kulandira kapuyo ineyo.

"Pepani amayi, ili sangamwe."

"Iwe Tadala, wakula liti kuti uziwamana amako chakudya?" anatero a Nachisale. "Tachokera nalo kutali ili."

Anesi amene ankasintha diripi pabedi loyandikana ndi amene anandiwombola.

"Mwanayo akunena zoona, amayi. Ngati mukufuna anzanuwa abwerere kukwaya ndi mapazi onse awiri, muziwabweretsera masamba ndi mazira. Thobwa la shuga ayi."

A Nachisale anayang'ana amayi nati: "Ndiye inu anzanga, tinkakuphani ndi chikondi?" Amayi anaseka, kuseka koyamba chilowereni m'wodi. Thobwalo tinagawana magadiyani, ndipo sabata yotsatira kunabwera mpiru ndi mazira owiritsa, zokulunga m'nsalu.

Shuga anatsika pang'onopang'ono. Bala linasiya kununkha, mnofu wofiira n'kuyamba kumera m'mbali. M'mawa wina adokotala analisuzumira nthawi yaitali, kenako anati: "Phazi latsala." Ndinatuluka panja kukalira.

Lero amayi ali kunyumba. Amamwa mankhwala tsiku lililonse ndipo amapita kukayezetsa pa tsiku limene awauza. Zala za phazilo sizimvabe bwino, choncho savula nsapato kumunda, ndipo madzulo aliwonse ndimawayang'ana mapazi ngati pali munga kapena chilonda. Amanditcha "adokotala a pakhomo", ine n'kumawauza kuti adikire ndikhoze mayeso.

Kwa inu amene mukuwerenga: munthu akamamva ludzu losatha, akamaonda, mapazi akamachita dzanzi, musadikire bala. Pitani naye akayezetse magazi akadayenda yekha. Amayi dzulo anakwera okha phiri kukabzala kachewere wa chaka chino.