Batani Lakumanzere

Waya wapserera m'shopu mwanga lero, ndipo fungo lake landikumbutsa achimwene anga Yohane, amene ankakonza mawailesi ku Lirangwe. Anandipangira kagalimoto ndi mota ya wailesi ya kaseti, nawotcherera matiranzisita anayi pakathabwa. Ukadina batani lakumanja pakathabwapo kagalimotoko kankapita kutsogolo, ukadina lakumanzere kankabwerera.

"Magetsi akatembenuka, mota nayo imatembenuka," ankatero.

Tsiku lomwe ankapita ku Joni tinakawaperekeza ku Chileka, kathabwa kaja kali m'thumba mwanga. Ndege itayamba kuthamanga, ndinakalozetsa komweko n'kudina lakumanzere mpaka chala kuwawa.

"Amayi, mabatire atha!" ndinalira.

Amayi anangondigwira paphewa.

Mamota ndimawatembenuza tsiku lililonse tsopano, koma achimwene sanabwerenso.