Tsumba Loyera la Bustami

Mukakhala pa khofi kwa Ajo Munir m'mawa, simuchedwa kumva za Bustami. Amati bambo ake anawombera nyani wa mphumi yoyera pamene mayi ake anali ndi pakati pa iyeyo, ndipo nyaniyo pofa anayang'ana kunyumba kwawo, mwana n'kubadwa ndi chizindikiro chake. N'chifukwa chake, akutero, Bustami ali ndi tsumba loyera pamphumi, banga loyera pamimba, ndi mawondo ooneka ngati wagwada mu ufa. Ena amathirako tsabola, ati anyani akakumana naye amamupatsa moni.

Bodza limeneli landitopetsa. Ine ndinakula ndi Bustami, sukulu tinaisiya chaka chimodzi, iye chifukwa cha kusekedwa, ine chifukwa masamu ankandida. Bambo ake, malemu a Kamaruddin, ndinkawadziwa bwino. Ankagulitsa nsomba zouma pa njinga. Nkhuku ya pa Idi ankapempha aneba kuti awaphere, iwo atayang'ana kukhoma. Tsiku lina tsekwe anawathamangitsa mpaka anakalowa mumzikiti nsapato zili kuphazi. Ameneyo ndiye awombere nyani? Mfutiyo akanaigwira mbali iti?

Bustami anangobadwa choncho. Mabangawo sanakulepo, sanasunthepo, sayabwa, si khate. Maso ake ndi akuda bii, amaona kokonati yokhwima ali tsidya lina la mtsinje. Vuto lake ndi dzuwa basi, limamuwotcha malo oyerawo, ndiye amavala buluku lalitali ngakhale kutenthe bwanji. Kusukulu tinkamutcha Balang, wamawangamawanga. Mphunzitsi wina watsopano anamutumiza kuchitsime kuti akasambe laimu m'mutu. Anapita, anakhula, anabwerako tsumba likuwala kuposa kale, mphunzitsi n'kumukwapula kuti akuchita mwano.

Atasiya sukulu anaphunzira ntchito ya amalume ake, yothyola kokonati ndi nyani. Kwathu kuno kumtunda kwa Pariaman mitengo ndi yaitali, munthu wanzeru sakwera yekha. Umamangirira nyani wako pa chingwe chachitali, iye n'kukwera, iwe uli pansi kukoka pang'ono ndi kukuwa, iye n'kumapotokola yokhwima mpaka igwe. Nyani wa Bustami, wamkazi, dzina lake Gadih, salakwitsa. Akagwira yaiwisi, Bustami amangotsokomola, Gadih n'kuisiya ngati yamuwotcha. Mudzi wonse umafuna Bustami m'munda mwawo. M'nyumba mwawo ayi.

Paja kwathu akuchikazi ndiwo amapita kukapempha mwamuna. Anzathu onse anapemphedwa, ngakhale ine ndi mano angawa ndinapemphedwa, koma pakhomo pa Bustami panamera udzu. Anafika pafupi ndi zaka makumi anayi akugona kwa mayi ake. Kenako Rosmaini, yemwe amayenga mafuta a kokonati kumsika, anauza amalume ake, a Zainun, kuti akamutengere ameneyo.

"Wamawanga uja?" anafunsa a Zainun.

"Mamak," anayankha Rosmaini, paja amalume kwathu timawaitana choncho, "ine sindikukagula nsalu. Ndikufuna munthu wodzuka m'mawa."

Mayi a Rosmaini, a Jawanis, anavomera ndi pakamwa pokha. Nyumba ndi yawo, munda ndi wawo, mkamwini amabwera ndi zovala zake basi, ndipo akakutopa umazipeza zovalazo zitamangidwa pa makwerero. Bustami zimenezi ankazidziwa. Ankayenda m'nyumbamo ngati pansi pali mazira.

Rosmaini atatenga pakati, a Jawanis anamuitana mkamwini wawo pakhonde. Ine ndinalipo, ndinabwera kudzabwereka chikwanje.

"Sutan," anatero, paja mkamwini satchulidwa dzina lake lobadwa nalo, "kuyambira lero mpaka mwana abadwe, nyama simuikhudza. Osapha, osamenya, osamanga. Zimene anachita bambo anu zisachitike m'nyumba mwanga."

"Amak," anatero Bustami, ndiko kuti amayi, "bambo anga sanachite kanthu."

"Nanga icho chili pamphumi panucho ndi mpunga?"

"Nanga Gadih? Popanda chingwe sakwera."

"Chingwe m'chiuno mwa nyani, mukufuna mwana abadwe mchombo utamuzinga m'khosi? Mpatseni uyu."

Uyu ndinali ine. Chikwanje sindinachipeze, ndinabwerera kunyumba ndi nyani. Gadih anandidyera fodya yense, anandiluma chala, ndipo mkazi wanga anati pakati pa ine ndi nyaniyo mmodzi asamuke.

Mwambo wosala nyama mkazi akakhala woyembekezera tonse timaudziwa. Koma ena timangosiya kupha nkhuku ndi kupita kokasaka nguluwe, basi. A Jawanis anaukokera mpaka ku udzudzu. Ndinamuonapo Bustami udzudzu uli pa mkono, iye akuuuzira mpweya mwaulemu kuti uchoke.

Ndiye ngati kuti dziko likufuna kumuseka, anyani a kuphiri anatsika. Chimanga cha kuseri kwa nyumba chinali chitangokhwima, mapapaya akupsa, nthochi zikulendewera. Pakati pa gululo panali mphongo ina yaikulu, mphumi yoyera mbee, dzanja limodzi loyera ngati yavala golovesi. Nkhani inafika kwa Ajo Munir nyaniyo asanamalize chimanga choyamba.

"Balang, akuti achimwene ako abwera kudzaona mlamu wawo!"

"Awaphikira chiyani? Kapena akudzitengera okha?"

Bustami anayankha mofatsa, poti ndi munthu woyenda m'tchire. Anati zimenezi si zachilendo: anaonapo khwangwala wa nthenga zoyera kuphiko, gologolo wa mchira woyera, nguluwe ya mwendo umodzi woyera. Nyama ina imangobadwa mtundu utaperewera malo ena. Palibe anamva. Anthu anali otanganidwa ndi kuseka.

Anathamangira kunyumba kukatenga legeni, a Jawanis n'kumutsekera pachipata.

"Sutan, ikani pansi."

"Amak, akutha munda!"

"Wa mphumi yoyerayo ndiye osamuyang'ana n'komwe molusa. Wabwera kudzakuyesani."

"Ndingokuwa basi."

"Mukamudzidzimutsa n'kugwa mumtengo?"

"Nyani, Amak? Kugwa mumtengo?"

"Mukundiyankha?"

Rosmaini anayesa kulankhulapo, mayi ake n'kumuuza kuti woyembekezera sakangana, akagone. A Jawanis eni ake anayesa kuwapirikitsa ndi tsache, anyani anangowayang'ana n'kupitiriza kudya. Ine ndinabwera kangapo ndi miyala, koma ndili ndi munda wanga, ndiponso nyani wa eni wondidikira kunyumba. Choncho Bustami, munthu amene nyani aliyense m'dera lino amamuopa, anakhala pa chitsa tsiku ndi tsiku manja ali m'khwapa, kuonerera chakudya cha banja chikukwera phiri. Wa mphumi yoyera uja anafika pozolowera, ankakhala pafupi naye n'kumasenda chimanga mosapupuluma, zitsononkho n'kumamuponyera kumapazi.

"Ukupiriranji zimenezi?" ndinamufunsa.

"Ndikufuna mwana wanga adzandipeze m'nyumba muno," anatero. "Chimanga chimabzalidwanso."

Mwana anabadwa wamkazi, wonenepa, wa mawu ngati a agogo ake. Mwana wamkazi kwathu ndiye mwini nyumba wa mawa, panayenera kukhala chisangalalo. Koma atamusambitsa, pamphumi panaoneka katsumba koyera, ndi kabanga pamimba.

Mzamba wa kuchipatala anawauza pomwepo kuti zimenezi zimayenda m'magazi, mwana ali bwinobwino, angomusamala padzuwa. A Jawanis anati mzambayo ndi kamtsikana ka m'tauni kosabereka, kadziwa chiyani. Iwo funso lawo linali limodzi: mkamwini anachita chiyani? Anafunsa mudzi wonse mpaka mayi wina woyandikana nawo anakumbuka kuti tsiku lina anamuona Bustami akuponya khoko la kokonati kumunda.

Anaitanitsa a Zainun, poti mlandu wa m'nyumba amaweruza ndi amalume. Tinakhala pakhonde, ine ngati mboni yosaitanidwa. Pa makwerero panali kale mtolo wa zovala, buluku lalitali likusuzumira.

"Sutan, munaponya kapena simunaponye?" anafunsa a Zainun.

"Ndinaponya, Mamak. Nyani analowa m'khitchini, anatenga poto wa mpunga wa Rosmaini. Khokolo linakagwera m'ngalande, nyaniyo sanatembenuke n'komwe."

"Mwamva!" anakuwa a Jawanis. "Wavomera yekha! Mdzukulu wanga adzakwatiwa ndi ndani?"

"Ndi munthu wodzuka m'mawa!" anayankha Rosmaini ali kuchipinda.

"Iwe khala chete, uli m'chikuta!"

A Zainun anakanda m'mutu. Mlongo wawo amamuopa, aliyense akudziwa. Anayamba zoti mwina Sutan akapume kaye kwa mayi ake mitima izizire. Tonse tikudziwa kupuma kumeneko: amene anapita kukapuma sanabwerereko. Bustami anangoyang'ana pansi, kenako kuchitseko cha chipinda chimene munali mwana wake.

Nthawi yomweyo anafika mayi a Bustami, a Dalima, ndi azibale awo, atasenza mpunga, nkhuku ndi nsalu za mwana, monga akuchimuna amachitira. Ndi kamunthu kakang'ono, kosalankhulalankhula, ndipo chibadwire changa sindinawaonepo opanda duku lofika m'nsidze. Anaona mtolo pa makwerero, anaona mwana wawo, n'kunena kuti, "Uni Jawanis, mkulu wanga, tiyeni m'kati, amuna atsale."

Za m'katimo ndinamva kwa mkazi wanga, yemwe anakanirira pakhomo ngati nkhupakupa. A Dalima ananyamula khanda, analiyang'ana nthawi yaitali, n'kulibweza kwa mayi ake. Kenako anamasula duku. Tsitsi linali lakuda ndi mankhwala, koma pamphumi, m'mizu, loyera mbee, khungu lake lomwe. Anakweza nsalu n'kuonetsa mawondo.

"Mayi anga analinso nalo," anatero. "Anandiphunzitsa kubisa kuti ndipeze banja, ine n'kubisa. Anthu atayamba kunamizira bambo a Bustami, iwo anati asiye azinena, bola asakuseke iwe. Anapita nalo kumanda bodza limenelo. Mwana wanga sachoka m'nyumba muno chifukwa cha chinthu chimene ndinamupatsa ine."

Ndiye kuti Bustami ankadziwa moyo wake wonse. Mayi ake anamusambitsa, iye anawaonapo akupesa. Anasekedwa kusukulu, anasekedwa pa khofi, anadyeredwa munda, anatsala pang'ono kutaya mkazi ndi mwana, koma duku la mayi ake sanalivule ndi pakamwa pake. Ine ndikanaulula ndili mu sitandade wani.

Rosmaini anadzuka, ngakhale amayi onse ankamukuwira kuti agone, anatuluka atagwira khoma, anatola mtolo uja n'kuuponya m'chipinda. A Zainun anapumira m'mwamba n'kunena kuti iwonso maganizo awo anali omwewo. A Jawanis anatuluka pomalizira, nkhope ili gwa. Tinadikira kuti mwina apepesa. Anayang'ana kumunda, kumene kunatsala mapesi okhaokha, n'kutembenukira kwa mkamwini.

"Ndiye inu, Sutan, mukudziwa zonsezi, munangokhala pa chitsa anyani akutithera chimanga? Mwamuna wanji?"

Ndinachoka. Ndikanakhala ndikanalankhula zondichotsetsa m'mudzi. Ndinapita molunjika kukatenga Gadih n'kumubweza kwa mwini wake tsiku lomwelo, pamodzi ndi chingwe chake ndi njala yake.

Bustami akadali m'nyumbamo. Munda anabzalanso, anyani a kuphiri anaona legeni n'kukumbuka kwawo. Mwana akukula, agogo ake a Jawanis samutula pansi, ndipo aliyense woyang'anitsitsa katsumbako amamufunsa ngati wataya chinthu. Mukuganiza kuti bodza linatha? M'mawa wotsatira mlandu uja kwa Ajo Munir linali litavala malaya atsopano. Ati zoona, a Kamaruddin tinawalakwira, amene anawombera nyani anali agogo a mayi a Bustami, kalekale nthawi ya atsamunda Achidatchi. Munthu woti palibe anamuonapo, dzina lake palibe akulidziwa, koma mfuti yake aifotokoza mpaka kutalika kwake.

Tili pomwepo Bustami anatulukira pa njinga, Gadih ali pa kaliyala. Ajo Munir anamuimitsa.

"Sutan, tangotiuzani zoona, tigone tulo. Ndani kwenikweni anawombera nyani uja?"

Bustami anatsitsa phazi limodzi pansi, osatsika panjinga.

"Ajo, nyani wa kuphiri ali ndi banga lake, ine langa, mwana wanga lake. Palibe anabwereka kwa mnzake. Mwanayo watenganso makutu angawa, bwanji simukufunsa kuti ndinamenya chiyani? Inuyo ana anu onse ali ndi mphuno yanuyo, ndipo ife sitinafunsepo kuti bambo anu anawombera nguluwe iti. Chotsani mwendo, ndikuchedwa kuntchito."