Mzere wa phulusa wa a Mbewe

Aphunzitsi a Mbewe, lero ndadutsa pa Madisi n'kuona ana a sukulu akukonzekera sewero pansi pa mtengo, mtima wanga n'kuthamangira kwa inu. Mukukumbuka tsiku lija tinakachita sewero m'chigafa cha fodya kwa Msakambewa? Munathira mzere wa phulusa pansi n'kutiuza kuti, "Ku Ulaya amati apa pali khoma lachinayi. Oonerera azikuonani, koma inu musawayang'ane." Ine ndinkasewera ngati mwamuna wankhanza wothamangitsa mkazi wake. Sewero lili mkati, mayi wina wachikulire anadumpha mzere uja n'kundikwapula ndi phesi la chimanga, amvekere, "Musiye, mwana wa eni ake ameneyu!" Ndinasiya kusewera, poganiza kuti zonse zawonongeka. Inu munaseka mpaka misozi. "Pitiriza, iwe! Azungu anavutika zaka zambiri kuti agwetse khoma limeneli, koma amayiwa angoligwetsa ndi phesi."

Patha zaka zitatu chitisiyireni. Tsopano khoma lija lili pakati pa inu ndi ine. Ndimakuonanibe mutaima m'chigafa muja, phulusa lili m'manja, koma ngakhale ndikuitaneni chotani, simucheuka.