Khosi Lopendekeka Dala

Anthu amawatchula a Sikweya, ndipo iwo sakana dzinalo. Zaka makumi anayi akhala akupala matabwa m'kashopu ka kuseri kwa nyumba yawo: mafelemu a zitseko, mabenchi a kutchalitchi, makabati. Chinthu chokhota sichinatulukemo. Ukawayamikira amangoti, "Thabwa linali labwino," n'kupitiriza kusesa utuchi.

Mavuto anawabweretsera ndi mwana wawo wamkazi, namwino, m'katoni. Munali gitala ya bezi yosamanga: thupi lamphako m'kati, khosi palokha, nsambo zinayi zokulunga, timawaya, ndi pepala la zithunzi. Gulu loimba la kuntchito kwake linamuuza kuti akapezeka ndi bezi Loweruka ku ukwati wa mnzawo, malo ndi ake. Apo ayi, atenga wina.

"Bambo, chonde mutsatire pepalali."

"Ine anandiphunzitsa ndi anthu, osati pepala."

Anadandaula sabata yonse. Thabwa lake ati lopyapyala ngati chikoko cha dzira. Mawaya ankalowera pa kabowo koti chala sichikwana, mpaka anachita kuwakoka ndi ulusi wosokera wa akazi awo. Nanga mtundu wobiriwira umene mwanayo anasankha! "Mtengo wabwinobwino kuupaka ngati khoma la sitolo." Anapakabe, kanayi konse.

Lachinayi anaika sikweya, chida chawo choyezera kuwongoka kwa ngodya, m'kaphako momwe khosi limakhala, napeza kuti pansi pake mpopendekeka. Anayezanso. Anatsonya. "Makina onse aja, kulephera kudula mowongoka?" Anatenga tchizulo, nasalaza bwinobwino, namanga khosi ndi masikuluwu ake anayi.

Namwino atafika ali m'yunifolomu, anakunga nsambo. Nsambozo zinaima patali ndi khosi moti chala chachikulu chinkadutsa pansi pake. Anayesa kudina mpaka nsonga ya chala inayera, koma osatheka.

"Bambo, mwasema pati?"

"Ndakonza zimene analakwitsa."

Mwanayo anatambasula pepala lija, nawalozera chithunzi. Khosi limayenera kuweramira kumbuyo pang'ono, kuti nsambo zochokera pa kamlatho katali kozinyamula pa thupi la gitalayo ziliyandikire.

"Ndiye kuti anapendeketsa dala?"

"Dala."

"Nanga osalemba bwanji?"

"Analemba. Inu mumaikapo kapu ya tiyi."

Akazi awo, amene anaima pakhomo, sanaphonye mpata. "Abambo ake, mwayi ngwakuti simunakhale m'busa. Bwenzi ng'ombe zonse zili ndi nyanga zowongoka."

A Sikweya anaona mwana wawo akuyang'ana foni, ndipo anadziwa uthenga umene ankafuna kulembera anzake oimba nawo: woti angotenga wina.

"Taika pansi chimenecho. Loweruka silinafike."

Lachisanu m'mawa anayamba kusema kathabwa kochindikala mbali imodzi, kopyapyala mbali inayo, koti kalowe pansi pa khosi. Koyamba kanatuluka kofanana mbali zonse. Kachiwirinso chimodzimodzi, dzanja linkangowongola lokha. Anatukwana pulena yopalira, anatukwana fakitale, anatukwananso amene anayambitsa magitala. Kachinayi kanakwana.

Masana namwino anathawako kuntchito. Anakunga nsambo, nadina, chala chinatsika mosavuta. Anakhudza nsambo yaikulu, ndipo misomali ya m'chitini pa shelefu inanjenjemera.

"Bambo, mawa ndiimba!"

Iwo anatsinzina diso limodzi, nayang'ana khosilo cham'mbali, nkhope ili ngati amwa mankhwala owawa.

"Tenga, tuluka nayo msanga m'shopu muno. Makasitomala angaione."