Zikhomo za alangizi m'munda mwathu

Amuna anga anamwalira mvula isanagwe, atavomera kale kuti alangizi a zaulimi ayesere mbewu zinayi za chimanga m'munda mwathu, kufupi ndi Sinda. Mbewu ndi feteleza zinali za boma, koma zokolola zikanakhala zathu. Ndinalibe china chodyetsera ana chaka chimenecho.

Alangiziwo anabwera panjinga, nkupepesa maliro. Kenako anati asamutsira ntchitoyo kwa bambo wina, poti munda wathu sunali wofanana ponseponse ndipo woudziwa anali atapita.

"Ankalima ndi ndani, inu alangizi?" ndinawafunsa.

"Ndi inu, amayi."

"Ndiye tiyeni, nsapatozo muvule."

Ndinawayendetsa munda wonse. Kumtunda kunali mchenga. Kumunsi, chakudambo, dothi linali lakuda. Pakati, pomwe bonongwe ankamera yekha, panali khola la ng'ombe za apongozi kalekale.

Alangiziwo anakhala pachitsa nkujambula m'kabuku. Anati agawa mundawo patatu, potsata malire amene ndinawaonetsa, ndipo m'chigawo chilichonse mulowe mbewu zonse zinayi. Manambala a zokolola ankapita ku Lusaka, ku makina otchedwa kompyuta. Makinawo, anatero, ukapanda kuwauza kuti mzere uwu unali pakhola, amatamanda mbewu pa ntchito imene yagwira ndowe.

Sindinawaonepo makinawo. Tinakhoma zikhomo tsiku lomwelo, ine nditagwira chingwe. Pokolola anayeza chigawo chilichonse pachokha pasikelo, nalemba, ndipo chimanga chinalowa m'nkhokwe yanga.